Za Kukula ndi Kavalidwe ka Dongosolo Lojambulira Nyimbo

Pamene amisiri a Ubuntu Studio anatulutsa koyamba, m'chaka cha 2007, dongosolo lawo loyendetsera kompyuta lokonzedwera oimba ndi ojambula, analiveka desikitopu ya GNOME. Mu 2011 analivula imeneyo nalipatsa Xfce, yotchuka ndi kupepuka kwake. Ndipo mu 2020 anasamukira ku KDE Plasma. Kusinthasintha kumeneku sikunali kwachibwana ayi, pakuti yense womanga dongosolo lotere amakumana ndi mafunso awiri osazembeka: likule motani, ndipo pamaso pa mwini kompyuta paoneke chiyani.

Ndiyambe ndi desikitopu, popeza ndipo pamene mkangano umakula. Mawu amalowa m'kompyuta m'timagawo: makina amayeza liwu ka 48,000 pa sekondi imodzi, ndipo wojambula akasankha kuti kagawo kalikonse kakhale ndi miyeso 128, kompyuta imatsala ndi mamilisekondi osakwana 3 kuti ilandire kagawoko, ikakonze ndi kukatumiza kumakutu a woimba. Ikangochedwa kamodzi, chifukwa chotanganidwa ndi kukongoletsa mawindo kapena kusanthula mafailo, m'nyimbomo mumamveka kuthetheka kumene ojambula amakutcha xrun. Ndipo kwaya imene inasonkhana kuchokera kutali, itaimba ndi mtima wonse vesi lomaliza, imauzidwa kuti iyambirenso. Chifukwa chake ndinena kuti desikitopu ya m'situdiyo ikhale monga mtumiki wa pabwalo la mfumu, amene adziwa kukhala pafupi osatsekereza mawu a mbuye wake.

Chilungamo chindikakamiza kuvomereza kuti a Ubuntu Studio, posankha Plasma, ananena kuti siidya mphamvu zambiri kuposa Xfce, ndi kuti ili ndi zida zabwino za ojambula zithunzi. Ndiponso kuti chimene chimasunga nthawi ya mawu kwenikweni chili pansi pa desikitopu, mu kernel ya Linux, mu JACK ya Paul Davis, ndi mu PipeWire ya masiku ano. Ntchito ya zaka zambiri yotchedwa PREEMPT_RT, yopatsa ntchito zofulumira mpata woyamba, inalandiridwa mu Linux 6.12 m'chaka cha 2024. Komabe chifukwa chachiwiri cha a Ubuntu Studio chija ndi cha ojambula zithunzi, si cha oimba. Ndipo dongosolo lofuna kukondweretsa woimba, wojambula kanema, wosindikiza mabuku ndi wojambula zithunzi pa nthawi imodzi likumbukire kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Glen MacArthur wa ku Canada, amene kwa zaka zambiri wakonza dongosolo lina lotere, AV Linux, anayenda njira ya madesikitopu opepuka, LXDE, Xfce ndi Enlightenment, ndipo mtima wanga uli kumbali yake.

Nkhani ya kukula ndiyo imandigwira mtima koposa. Kale dongosolo lathunthu la Linux linkakwana pa CD ya 700 MB. Pambuyo pake pakafunika DVD ya 4.7 GB, tsopano Ubuntu Studio yapyola ndi pamenepo. Nayo nyimbo imafuna malo ake, pakuti maikolofoni imodzi, yojambulidwa pa 48 kHz ndi 24 bit, imadya pafupifupi 8.6 MB pa mphindi, kotero kuti nyimbo ya mphindi 5 yokhala ndi mizere 24 yakwana kale 1 GB isanasakanizidwe n'komwe. Kwa munthu wa ku Berlin kapena Toronto izi n'zazing'ono. Koma mnyamata wa ku Ndirande kapena ku Chipata, amene wajambula makwaya a mipingo pa kompyuta yogula kwa wina, nagula intaneti pabandulo, amawerenga gigabaiti iliyonse ndi ndalama ya ufa.

Wina angafulumire kunena kuti mankhwala ake ndi kuchepetsa dongosolo, kuti munthu aziwonjezera yekha zimene afuna. Zoona zilimo, pakuti palibe chifukwa chosenzetsa woimba mapulogalamu monga Blender ndi Scribus pamene iye afuna Ardour, Audacity ndi Hydrogen basi. Koma walira mvula walira matope: dongosolo lochepetsetsa limafuna intaneti tsiku lililonse limene pasoweka kanthu, pamene lodzaza, likatsitsidwa kamodzi ndi mmodzi, limayenda pa fulashi kuchoka m'dzanja kupita m'dzanja, nilifika m'masitudiyo ambiri popanda wolipiranso. Kumene netiweki ili yosadalirika, dongosolo lopanda zida limasautsa koposa lolemera.

Pempho langa kwa amisiri, amene ambiri a iwo amagwira ntchito imeneyi mwaufulu ndipo ayenera ulemu wathu, ndi lakuti asayese kukula kwa dongosolo ndi makina awo okha. Alekanitse za mawu ndi za zithunzi, kuti pakhale dongosolo la oimba lokha, lokhala ndi zida zonse zojambulira, zosakanizira ndi zokometsera mawu, logwira ntchito popanda intaneti kuyambira tsiku loyamba. Aliveke desikitopu yopepuka, zokongoletsa zake zitazimitsidwa. Ndipo asanalitulutse aliyese pa kompyuta yakale ya 4 GB ya RAM, akujambula kwaya kwa ola lathunthu, nawerenga maxrun amene achitika.