Mbaula M'nyumba Yotseka: Chiopsezo cha Carbon Monoxide M'mbali mwa Nyanja ku Nkhotakota

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mphepo ya mwera imaomba mwamphamvu panyanja ya Malawi. Ku Nkhotakota, kuchokera ku Benga, ku Chia, paboma mpaka ku Dwangwa, mabanja ambiri amalowetsa mbaula m'nyumba usiku, n'kutseka zitseko ndi mazenera. M'miyezi yomweyi, apolisi m'maboma osiyanasiyana amalengeza za anthu opezeka atamwalira m'chipinda momwe munali mbaula ya makala. Chimene chimawapha ndi mpweya wotchedwa carbon monoxide.

Mpweyawu umatuluka pamene makala, nkhuni, palafini, petulo kapena dizilo zikuyaka pamalo opanda mpweya wokwanira. Utsi umatsokomoletsa ndi kuliritsa maso, choncho munthu amauthawa. Carbon monoxide saoneka, sanunkha ndipo sayabwa pakhosi. Anthu ambiri amakhulupirira kuti makala akafiira n'kuleka kufuka, vuto latha. Izi si zoona. Makala onyeka pang'onopang'ono, makamaka okwiriridwa ndi phulusa kuti afike m'mawa, amapitiriza kutulutsa mpweyawu usiku wonse.

Ukalowa m'mapapo, mpweyawu umakanirira m'magazi mwamphamvu zoposa okosijeni ka 200. Zikatero, magazi amalephera kufikitsa okosijeni ku ubongo ndi kumtima. Munthu amamva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, kenako amasokonezeka maganizo n'kukomoka. Wogona tulo sadzuka n'komwe. Ana aang'ono, okalamba, odwala mtima ndi amayi oyembekezera ndiwo amagwidwa msanga, ndipo mwana wosabadwa akhoza kuvulala ngakhale mayiyo akuoneka kuti ali bwino.

M'mbali mwa nyanja, vutoli limabisala kumbuyo kwa malungo. Popeza malungo ndi ofala m'bomali, wodzuka ndi mutu komanso kusanza amathamangira kuganiza za udzudzu, ndipo usiku wotsatira mbaula imalowanso m'nyumba. Zizindikiro zosiyanitsa zilipo. Mpweyawu kawirikawiri sutenthetsa thupi, umagwira anthu angapo a m'nyumba imodzi nthawi imodzi, ndipo odwalawo amapezako bwino akatuluka panja. Kusadziwa zimenezi kumathanso kuyambitsa chidani pamudzi, anthu n'kumalozana zala za ufiti kapena poizoni pa imfa yomwe gwero lake ndi makala.

Kalembera wa anthu wa 2018 anasonyeza kuti mabanja oposa 90 mwa 100 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala. Choncho kuuza anthu kuti asiye mbaula n'kosatheka pakadali pano. Chofunika ndi malo amene mbaulayo ikuyakira. Kamangidwe ka nyumba nako kakusintha. Nyumba yaudzu imatulutsa mpweya kudenga, pamene yamalata, yasimenti ndi mazenera agalasi imautsekera m'kati, makamaka eni ake akatseka timazenera ta mpweya ndi nsanza pothawa mphepo kapena udzudzu.

Chiopsezo chimatsatanso ntchito za anthu. Asodzi a usipa obwera kunyanja mbandakucha amaotha m'tizisakasa totchinga ndi mapepala apulasitiki. Ogulitsa nsomba amagona pafupi ndi powambira. Alimi oweta nkhuku amafunditsa anapiye ndi mbaula m'chipinda chotseka. Alonda amaika mbaula m'kanyumba kawo. Amalonda, amene anazolowera majenereta pa nthawi ya kuzimazima kwa magetsi namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, ena amayatsira jenereta m'sitolo poopa akuba.

Pofuna kupewa imfazi, anthu akulangizidwa kuphikira panja, pakhonde kapena m'khitchini yolowa mphepo, ndi kutulutsa mbaula m'nyumba asanagone, ngakhale makala akuoneka ngati azima. Mbaula ya Chitetezo imachepetsa nkhuni ndi utsi, koma nayo siyenera kugonekedwa m'chipinda. Jenereta iziyakira panja, kutali ndi zitseko ndi mazenera. Njinga yamoto kapena galimoto isasiyidwe ikulira m'nyumba. Pozizira, mabulangete ndi zovala zofunda ndizo zotetezeka.

Wina akapezeka atakomoka m'chipinda chotere, atsegule zitseko ndi mazenera, amutulutsire panja mwachangu, amugoneke cham'mbali, ndipo asamumwetse mkaka, madzi kapena mankhwala azitsamba, chifukwa akhoza kutsamwa. Mankhwala ake ndi okosijeni wakuchipatala. Onse amene anagona m'chipindamo, ngakhale amene atsitsimuka, apite kuchipatala chapafupi kapena ku Chipatala cha Boma cha Nkhotakota tsiku lomwelo, chifukwa mavuto a ubongo ndi mtima amatha kuonekera patapita masiku. Akafika, auze achipatala kuti m'nyumbamo munali mbaula kapena jenereta.

Mafumu, makomiti a m'madoko, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti komanso alangizi a zaumoyo akupemphedwa kufalitsa uthengawu pamisonkhano yawo nyengo ya mwera isanafike pachimake.