Mau a Mlangizi: Limbitsani Foloko ya Njinga Yanu

Alimi anzanga, sabata yatha ndinapeza bambo wina atakhala m'mbali mwa mseu, thumba la feteleza liri pansi, foloko ya njinga yace itapindika pa dzenje. Njinga zakalezi, monga Humber, Raleigh ndi Hercules, nzolimba ndithu, koma foloko imatopa ndi katundu. Mankhwala ace ndi zitsulo ziwiri zocirikiza, ndipo mungathe kuzipanga pamudzi pomwepo.

Pezani citsulo cobulungira ca mamilimita 8. Yesani ndi cingwe kucokera pa ekiselo ya gudumu lakutsogolo kufikira pa nati yaikuru ya pansi pa handulo, ndipo dulani zitsulo ziwiri zofanana. Cimodzi cikatalika, njinga idzakokera mbali imodzi. Ikani nsonga zace pamakala, muzisule ndi nyundo kufikira zitapyapyala, nimuziboole.

Tsono dulani kacitsulo kena kamabowo atatu. Bowo lalikuru lapakati lilowe pansi pa nati ija, awiri am'mbali agwire zitsulo zanu ndi mabauti. Nsonga zakumunsi zilowe pa ekiselo. Musanakwere, tembenuzani handulo uku ndi uku, muone kuti zitsulo sizikukhudza mabuleki, ndiponso kuti nati za ekiselo zagwira bwino.

Koma cenjerani. Ngati foloko inang'aluka kale, zitsulozi sizingaicize iai. Gulani ina, pakuti ikathyoka muli pamtsetse mudzabvulala kwambiri. Ndipo thumba la makilogalamu 50 malo ace ndi pa kaliyala, osati pa handulo.

Konzani njinga tsopano, mvula isanaononge miseu.