Usanakwere kavalo, yamba waona khola lake

Loweruka likafika, Facebook imadzaza zithunzi za anzathu ali pa akavalo. Ena ali ku Chaminuka kuno ku Chongwe, ena kumafamu a mumsewu wa Leopards Hill. Ine zimandikondweretsa. Tinakula tikuona akavalo kuseri kwa waya tili m'minibasi, tikuganiza kuti ndi zinthu za azungu chabe. Koma mu 2015 timu ya Zambia ya polocrosse, masewera a mpira okwera pa akavalo, inafika mufainolo ya World Cup ku South Africa. Masewerawa ndi athunso.

Vuto ndi lakuti ambiri tikafuna kuphunzira timasankha malo poona kukongola kwa zithunzi ndi kutchipa kwa mtengo. Msuweni wanga anachita zomwezo. Anamukweza atavala kapusi, osamuuza ngakhale mogwirira zingwe. Galu atauwa, kavalo anadzidzimuka, iye n'kugwa. Mwayi wake anathyoka dzanja, osati khosi.

Ndiye ndikuti, usanalipire ngwee iliyonse, pita kaye ukaone malowo ndi maso ako, ndipo upemphe kulowa kukhola. Kavalo sanama. Ngati nthiti zikuwerengeka, ngati pamsana pokhala chishalo pali zilonda, ngati ziboda ndi zong'aluka, tembenuka uzipita. Kavalo amene akumva kuwawa ndiye amaponya munthu pansi. Yang'ananso momwera madzi, chifukwa nyama imeneyi imamwa malita oposa 20 patsiku, ndipo mu Okutobala imafuna ochulukirapo.

Funsa za katemera. Nthawi ya mvula kumabwera tizilombo touluka tating'ono toluma madzulo ndi mbandakucha, timene timafalitsa matenda a African horse sickness. Matendawa amapha akavalo msanga. Mwini khola wosamala sangachite chibwibwi ukamufunsa tsiku limene anabayitsa ziweto zake.

Kenako funsa za mutu wako. Kodi helemeti ilipo ya saizi yako, yomanga pachibwano? Kodi tsiku loyamba uyambira mumpanda, mphunzitsi atagwira chingwe chachitali, kapena akutulutsa kutchire pomwepo? Ukagwa, ndani ali ndi galimoto yokuthamangitsira kuchipatala? Mafamu ambiri ali kutali ndi tala, ndipo Yango sifika msanga kumeneko.

Chomaliza, chimene ambiri timaiwala: cheza ndi amene amasamala akavalo. Nthawi zambiri ndi mnyamata kapena bambo wa m'midzi yomwe ino, amene amadzuka kusanache kukolopa khola ndi kudula udzu. Apatse moni mwaulemu, uwafunse kuti, "Bambo, ndi kavalo uti wofatsa kwa munthu woyamba?" Iwo ndiwo amadziwa amene amaluma ndi amene amaopa pulasitiki youluka. Onanso mmene bwana amawalankhulira. Malo amene amakalipira wantchito pamaso pa alendo, usayembekeze kuti angasamale iwe ukagwa.

Ena anena kuti mafunso onsewa ndi matama, munthu wongofuna ola limodzi ndi kachithunzi. Koma ndalama ndi zako, msananso ndi wako. Ukafunsa n'kuona akukwiya, yankho walipeza kale. Kuli bwino kusunga ndalama miyezi iwiri n'kuphunzira pamalo abwino kusiyana ndi kulipira zochepa lero, mawa n'kumasonkhetsa abale ndalama za pulasitala.