Nyambo Yokongola Imakola Msodzi, Osati Nsomba

Pali bodza lina limene lakhazikika pakati pa anthu owedza nsomba ndi nyambo za nthenga, ndipo ine ndatopa nalo. Ati nyambo ikakhala yosalala, nthenga zake zitagona bwino ngati tsitsi la mkwatibwi, nsomba imachita kuithamangira. Ati yanyankhalala nsomba imaipewa. Abale anzanga, limeneli ndi bodza la pamsika, ndipo likudya ndalama za anthu osalakwa.

Kwa inu amene simunaionepo nyambo yotereyi, ndi mbedza yopanda nyongolotsi kapena usipa. Mmisiri amamangirirapo ndi ulusi tinthenga ta tambala, ubweya wa kalulu kapena kawaya, kuti ioneke ngati kachilombo kogwera m'madzi. Angerezi amaitcha fly, kutanthauza ntchentche. Kuno kwathu inabwera ndi atsamunda, amene anathira nsomba za trout m'mitsinje yozizira ya paphiri la Zomba, la Mulanje ndi ku Nyika.

Tsono tiyeni tifunse funso limene akatswiriwa amalizemba. Kodi nsomba imaona chiyani? Trout imaima pamalo amodzi itayang'ana kumtunda kwa mtsinje, madzi n'kumaibweretsera chakudya. Kachilombo kamadutsa m'kanthawi kochepa zedi. Nsombayo imaona kukula kwake, maumbidwe ake, mtundu wake ndi mmene kakuyendera. Basi. Ilibe nthawi yowerenga kuti ulusi wazungulira kangati. Komanso taganizani za ngumbi zikagwera pachithaphwi nthawi ya dzinja: phiko lina lathothoka, lina lamatirira pamadzi, miyendo ili balala. Ndi iti mwa izo imene ili yaudongo? Chakudya chenicheni cha nsomba n'chosokonekera chomwecho.

Mbiri ikundivomereza. Cha m'ma 200 pambuyo pa kubadwa kwa Yesu, mlembi wa ku Roma dzina lake Aelian analemba za asodzi a ku Macedonia amene ankakulunga ubweya wofiira pambedza n'kumangirirapo nthenga ziwiri za tambala. Nsomba zinkagwidwa. Ku England, Frank Sawyer, amene ntchito yake inali yosamalira mtsinje wa Avon, anapanga nyambo yotchedwa Pheasant Tail Nymph ndi zinthu ziwiri zokha, kawaya ka kopa ndi tinthenga ta kumchira kwa mbalame ya pheasant. Ulusi sanagwiritse n'komwe. Anaifotokoza m'buku lake la 1958, ndipo mpaka lero imapha trout m'mayiko ambirimbiri. M'zaka za m'ma 1960 Oliver Kite, wa kumtsinje womwewo, anapitirira apo: ankagwira nsomba ndi mbedza yokulungidwa kawaya kokha, yopanda nthenga ngakhale imodzi. Chinsinsi chake chinali kuimiza pakuya poyenera ndi kuitukula pang'ono nsomba ikayandikira.

Nanga nyambo yotchuka ija ya Hare's Ear, ya ubweya wa kukhutu kwa kalulu? Amisiri akamaliza kuimanga amaikanda dala ndi kaburashi kuti ubweya uime nyankhalala, chifukwa tiubweyato timagwedezeka m'madzi ngati miyendo ya kachilombo. Eti munthu akuwononga dala udongo kuti agwire nsomba, wina n'kumatiuzabe kuti udongo ndiwo umagwira!

Bodzali lili ndi makolo ake. M'chaka cha 1886 Frederic Halford, wowedza pamtsinje wa Test, anatulutsa buku la nyambo zoyandama, ndipo pambuyo pake anakakamira kuti nyambo izifanana ndendende ndi kachilombo kenikeni. Omutsatira anasandutsa maganizowa chipembedzo. G.E.M. Skues atayamba kuphunzitsa kuwedza ndi nyambo zomira, anamuona ngati wopanda mwambo, mpaka mu 1938 anachita kumuitanira mtsutso ku Flyfishers' Club mumzinda wa London. Nkhani inali ya ulemu wa mabwana, nsomba sizinafunsidwe.

Ku nsomba za salmon ndiye zinafika poseketsa. George Kelson m'buku lake la 1895 analemba nyambo zofuna nthenga za mbalame zosowa za kumayiko akutali. Chonsecho salmon ya kunyanja ya Atlantic ikabwerera mumtsinje kudzaikira mazira imakhala itasiya kudya. Imaluma nyambo, inde, koma sikuti yazindikira nthenga ya ku South America. Misala imeneyi sinathe. Mu 2009 mnyamata wina wa ku America, wophunzira kuimba chitoliro ku London, anathyola nyumba yosungiramo zachilengedwe ku Tring n'kuba zikopa za mbalame 299, zina zosonkhanitsidwa ndi Alfred Russel Wallace, kuti azigulitsa nthenga kwa omanga nyambo. Ambiri mwa okonda nyambo zamtunduwu saziponya m'madzi n'komwe. Chuma cha sayansi chinazulidwa nthenga chifukwa cha mbedza zoika mugalasi.

Ndikudziwa chimene anditsutse nacho. Adzati munthu wosasamala pomanga ndi wosasamalanso powedza. Apa tisiyanitse zinthu ziwiri. Pali kulimba kwa ntchito, ndipo pali kukongola. Mfundo yomaliza ikakhala yofooka, nyambo imamasuka nsomba yoyamba ikangoluma. Guluu akatseka kabowo ka mbedza, chingwe sichilowa. Nthenga zikachuluka mpaka kuphimba msonga, nsomba imaluma koma osakodwa. Nyambo yoyandama ikalemera imamira, yofunika kumira ikapepuka imayandama. Pamadzi odekha ndi oyera, pamene nsomba ili ndi mpata woyang'anitsitsa, kukula kolakwika kumaibweza. Zonsezi n'zoona, ndipo palibe chimodzi chimene chikunena za kusalala kwa mutu wa nyambo kapena kufanana kwa mapiko ngati anawayeza ndi rula.

Sindikunyoza luso ayi. Megan Boyd wa ku Brora ku Scotland ankamanga nyambo za salmon zokongola mochititsa kaso, ndipo mayiyu sankawedza. Ntchito yake inali yaluso ngati ya wosema ziboliboli, ndipo iyenera kulemekezedwa motero. Amisiri a ku Kenya amene amamanga nyambo zogulitsa ku Ulaya ndi ku America nawonso ayenera kusalaza, chifukwa wogula musitolo amasankha ndi maso. Koma tinene poyera kuti amene akukopedwa pamenepo ndi mwini chikwama.

Chimene chimandipweteka ndi mnyamata amene wangoyamba kumene. Amanga nyambo yake ndi nthenga za tambala wa Khirisimasi ndi ulusi wa pamakina a amayi ake, aionetsa kwa akuluakulu, iwo n'kuiseka. Iye amaitaya, n'kuyamba kukhulupirira kuti masewerawa ndi a anthu olemera okha. Chonsecho chimene amafunika kuphunzira n'chaulere: kuyenda mwakachetechete m'mbali mwa mtsinje, kubisa chithunzithunzi chake, kuvundukula miyala kuti aone tizilombo timene nsomba ikudya, ndi kuponya kuti nyambo iyende ndi madzi popanda chingwe kuikoka. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Choncho iwe mphwanga, manga mfundo yako molimba, siya msonga ya mbedza poyera, yesa kukula kwa kachilombo ka mumtsinjemo. Akakusekanso, uwapemphe kuti mupitire limodzi kumadzi, aliyense ndi nyambo yake, madzulo mudzawerenge nsomba.