Injini ikatentha panyanja palibe kotsikira

Asodzi ambiri a usipa ku Senga Bay m'boma la Salima amadalira injini zomangirira kumbuyo kwa boti. Injini yotere ikafa ndi kutentha, kawirikawiri vuto limakhala kusasamala kwa mwini wake.

Injinizi zimazizira ndi madzi a m'nyanja momwemo. Kapampu ka labala kamakoka madzi kudzera m'timabowo ta kumunsi kwa injini, ndipo ena amatulukira pambali kusonyeza kuti zonse zili bwino. Boti likamayenda pamadzi osaya, kapampuko kamamwa mchenga n'kuperepeseka. Majumbo ndi zomera za m'madzi nazonso zimatseka timabowoti.

Choncho madzi apambali aja akasiya kutuluka, woyendetsa azimitse injini nthawi yomweyo ndi kuchotsa zinyalala, osakakamira ulendo. Kuliza injini pamtunda popanda madzi kumapsereza kapampuko m'kanthawi kochepa.

Eni maboti asamaumire ndalama yosinthira kapampuka chaka ndi chaka, ngakhalenso ya oilo wosakaniza ndi petulo. Minibasi ikatentha pamsewu wa ku Lilongwe, anthu amatsika n'kudikira pamthunzi. Koma boti likazima usiku mwera ukuwomba, ana a eni ake amene ali m'menemo alibe kothawira.