Gasiketi Sayeza ndi Diso

Munthu akaima padoko la ku Msaka, ku Makawa kapena ku Malembo dzuwa litapendeka, alovi akukweza chilimira m'boti, siginala naye akukonza nyali zake, angathe kuyesa kuti moyo wa anthu onsewo watsamira pa matabwa ndi mphamvu ya injini. Koma amene anamasulapo injini adziwa kuti pakati pa zitsulo zake pamagona kanthu kopyapyala, gasiketi, kamene kakapanda kukhala bwino, madzi, mafuta ndi mpweya zimasokonekera, injini nkuzima pakati pa nyanja, kapenatu usiku wa mu Julayi mwera uli pachimake.

Amakaniko athu a m'mbali mwa nyanja ndimawachitira ulemu. Mmisiri amene amayala pepala la gasiketi pachitsulo, nagogoda pang'onopang'ono m'mphepete ndi kahamala kufikira pepalalo litadzidula lokha motsata chitsulocho, ali ndi luso loyenera kulemekezedwa. Chimene chimandiwawa ndicho chizolowezi chotenga gasiketi yakale, yopsa ndi yophwanyika, kupita nayo kusitolo ku Mangochi boma kapena ku Monkey Bay, kuisanjika pa yatsopano, nkunena kuti zafanana. Yakaleyo inapanikizidwa ndi mabauti miyezi yambiri, inaphwatalala, mabowo ake anasintha. Umboni wake ngwosadalirika. Muyeso woona uli pachitsulo: kukula kwa bowo la silinda, mtunda wochokera pakati pa bowo la bauti kufika pakati pa linzake, timabowo todutsa madzi oziziritsa injini, timene kamodzi kokha kakatsekeka injini imatentha, ndiponso nambala ya injiniyo imene inalembedwa pakachitsulo pafupi ndi pomangira kuboti.

Kuchindikala kwake nkumene ambiri amakunyozera. Gasiketi ya pahedi ikachindikala mopitirira, injini imafooka, imavuta kuliza. Ikapyapyala, moto umakula m'silinda kuposa mmene anakonzera eni ake. Tisaiwalenso kuti makina akale a ku Mangalande, monga a Lister, ankayezedwa m'mainchi, pamene Yamaha ndi Suzuki za ku Japan zimayezedwa m'mamilimita. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, ndipo wosakaniza miyeso iwiriyi amaboola bowo pambali, kenaka nkumakakamiza bauti. Hedi nayo, ikatenthapo, imapindika mosaoneka ndi maso. Mmisiri wodekha amaikapo chitsulo chowongoka kuona ngati pali mpata, ndipo akaupeza amayala sandipepa pagalasi, nakhula hediyo mozungulira kufikira itasalala yonse, pomanga nayamba mabauti a pakati, mopingasa, pang'onopang'ono. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Koma mlanduwu suli pa makaniko yekha. Mwini boti, poona kuti mwezi wada ndipo usipa ukufa, amaima pamsana pa mmisiri, namuuza kuti adule katoni kapena chubu cha tayala, bola boti lilowe m'madzi lero lomwe, osalabada kuti petulo amatupitsa labala wa chubu, ndi kuti katoni sangapirire moto wa pahedi. Iye amatsala kumtunda. Olowa m'madzi ndi ana a eni. Ngakhale kagasiketi kozungulira ka pabauti yotsitsira oyilo wa magiya, kotsika mtengo koposa zonse, kakabwezedwa kakale komweko kamalowetsa madzi, oyilo nkuyera ngati mkaka, magiya nkudyeka.

Chotero ndikupempha makomiti a m'madoko, amene anayambira ku nyanja ya Malombe mu 1993 ndipo amayang'anira kale kukula kwa maso a ukonde, kuti aikeko mtima pa injini zonyamula anthu awo. Ndikupemphanso akuluakulu a sukulu ya zausodzi ya ku Mpwepwe, kuti azifika m'madoko momwemo ndi choyezera cha vernier m'manja, kuphunzitsa anyamata okonza injini kuwerenga kwake, makamaka mu Novembala ndi Disembala pamene maukonde ambiri amakhala atapachikidwa.