CUMA CA AMERICA NDI MPANDO WA M'BASI

Abale a m'makomboni, ambiri amati zaka za m'ma 1950 zinali zaka za mwai ku America. Cuma cinalipodi: magalimoto, wailesi ya kanema m'nyumba zambiri, ndipo mu 1956 Pulezidenti Eisenhower anasaina lamulo lomanga miseu ikulu-ikulu m'dziko lonselo. Ife a ku migodi tidziwa kuti cumaco cinafika ndi kuno, pakuti kampani ya American Metal inali ndi gawo lalikulu ku Mufulira ndi Roan Antelope.

Koma kodi cumaco cinagulira munthu wakuda mpando? Iai! Pa 1 December 1955 ku Montgomery, Alabama, Mai Rosa Parks, wosoka zobvala, anamangidwa cifukwa cokana kusiyira Mzungu malo m'basi. Anchito acikuda anapangana kuti asakwerenso. Masiku 381 anayenda pansi, ena kunyamulana m'magalimoto ao, eni mabasi nataya ndalama. Mu November 1956 Bwalo Lalikulu linagamula kuti tsankho la m'mabasi liswa malamulo a dziko.

Mbusa Martin Luther King atamandidwa, ndipo nkoyenera. Koma ife tibvulira cisoti amai aja ophikira Azungu, amene analawira kusanace, kuyenda mitunda, nafika pa nchito nthawi yace.